Mawu ochepa a Chipwitikizi amene amatsegula njira ya ku Tete

Mnyamata wa pa Zalewa amene saphonya mpira wa Real Madrid ndi Barcelona kawirikawiri amadziwa kale kunena "hola" ndi "gracias". Pa mafoni a masiku ano pali mapulogalamu ophunzitsa Chisipanishi, ndipo chiyankhulochi chili ndi eni ake pafupifupi 500 miliyoni padziko lonse. Koma Spain ili kutali, ndipo muno mu Africa dziko lodzilamulira lomwe boma lake limayendetsedwa m'Chisipanishi ndi limodzi lokha, Equatorial Guinea. Chiyankhulo chachilendo chimene munthu wa ku Neno angakumane nacho mawa m'mawa ndi Chipwitikizi, chomwe ndi Chisipanishicho ndi ana a bere limodzi, poti zonse zidachokera ku Chilatini.

Boma la Neno, lomwe lidapatulidwa ku Mwanza mu 2003, lagundana ndi chigawo cha Tete kumadzulo kwake. Malirewo amatsata msana wa mapiri a Kirk Range, monga momwe Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizanirana mu 1891 popanda kufunsa eni nthaka. Kumtunda, m'dera la Mfumu Dambe, sizachilendo kupeza banja lomwe lili ndi abale mbali zonse ziwiri. Kumunsi, msewu wochokera pa Zalewa umadutsa pa Mwanza n'kulowa m'Mozambique pa chipata cha Zóbuè, kenako Moatize, Tete, mpaka ku Cuchamano komwe opita ku Zimbabwe ndi ku Joni amatulukira. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala nayo imadutsa m'bomali.

Wina akhoza kufunsa kuti Chipwitikizi n'chachiyani pamene mbali inayo anthu amayankhula Chichewa. Funsoli lili ndi mutu wake. Ku Tsangano, ku Angónia ndi ku Macanga chiyankhulo cha pakhomo ndi Chichewa chomwechi, chimene kumeneko amachitcha Chinyanja. Cha ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kuli Chinyungwe, chomwe munthu wodziwa Chichewa ndi Chisena pang'ono sasochera nacho. Kalembera wa 2017 adapeza kuti anthu a m'Mozambique odziwa Chipwitikizi ndi pafupifupi theka chabe. Pamaliro, paukwati kapena pachigayo, mlendo wochokera ku Neno sasowa womumva.

Vuto limayamba pamene pali chidindo, yunifolomu kapena mtengo wa katundu. Dzikolo litalandira ufulu pa 25 June 1975 lidasunga Chipwitikizi ngati chiyankhulo cha boma, ndipo mafomu, zikwangwani, malisiti ndi mapepala a kuchipatala amalembedwa m'chiyankhulochi. Wapolisi kapena namwino amene boma lamutumiza ku Tete akhoza kukhala wa ku Inhambane kapena ku Nampula, wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chinyanja. Ngakhalenso mayi wa pamsika amene akucheza ndi wogula m'Chichewa, ikafika nthawi yotchula mtengo amatchula m'Chipwitikizi, monga momwe wa pamsika wa Ligowe amatchulira m'Chingerezi. Choncho wapaulendo safunika chiyankhulo chonse. Afunika mawu makumi angapo, koma akhale oyenera malo amenewa.

Chomulimbitsa mtima n'chakuti sayambira pa ziro. Apwitikizi adakhala m'chigwa cha Zambezi kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo amalonda adabweretsa mawu awo kuno kalekale. Nsapato ndi "sapato", kalata ndi "carta", zenera ndi "janela", chipewa ndi "chapéu", mbendera ndi "bandeira", kapitawo ndi "capitão", lalanje ndi "laranja", vinyo ndi "vinho", ndipo kachasu ndi "cachaça". Mbewu ziwiri zomwe zimadyetsa mabanja kumapiri a Neno nazo zili ndi mayina a komweko: tirigu ndi "trigo", mbatata ndi "batata". Mbatata ya kachewere amaitcha "batata-reno", pamene ya kholowa ndi "batata-doce".

Malonje ndiwo amayamba. M'mawa ndi "bom dia", lomwe limamveka ngati bondiya. Dzuwa likapendeka ndi "boa tarde", kukada ndi "boa noite". Wofunsa moyo amati "como está?" ndipo woyankha amati "estou bem". Kuyamba kunena vuto usanapereke moni kumaonedwa ngati mwano kumeneko monga momwe zilili kuno, ndipo paofesi ya boma moni wabwino umafewetsa nkhope ya amene wagwira chidindo.

Pali liwu limodzi la Chichewa limene limasokoneza Amalawi akafuna kulimasulira, ndilo zikomo. Kuno zikomo amathokozera, amapemphera njira, amayankhira poitanidwa, amatsanzikira. M'Chipwitikizi ntchito zimenezi zili ndi eni ake osiyana. Pothokoza mwamuna amati "obrigado", mkazi amati "obrigada", ndipo chimene chimasintha liwuli ndi woyankhulayo, osati wothokozedwa. Popempha njira m'basi yodzaza kapena polowa muofesi mawu ake ndi "com licença", omwe amagwiranso ntchito ya odi. Wopondedwa phazi amauzidwa kuti "desculpe", ndiye pepani ameneyo. Chonde ndi "por favor" kapena "faz favor". Anthu a m'Mozambique ali ndi kapemphedwe kawokawo, "estou a pedir", kutanthauza kuti ndikupempha, ndipo Mmalawi amakamva msanga chifukwa ulemu wake ndi wa kuno komwe: "estou a pedir água" ndi kupempha madzi.

Kusiyana kwa iwe ndi inu kuliko. "Tu" ndi iwe, woyenera mwana kapena mnzako wa ponda apa nane mpondepo. Kwa munthu wamkulu kapena wachilendo amati "o senhor" ngati ndi bambo, "a senhora" ngati ndi mayi. Pamsika pamamveka "mamã", "papá", "tio", "mano" ndi "mana", pamene wovala yunifolomu ambiri amangomutcha "chefe", kutanthauza bwana. Mlendo wosatsimikiza achita bwino kupewa "tu" mpaka mwini wake atayamba.

Pa katchulidwe, malamulo ochepa amakwanira. Zilembo "nh" zimamveka ngati ny, "ch" ndi sh, "ç" ndi s, "qu" patsogolo pa e kapena i nthawi zambiri ndi k, ndipo o wakumapeto kwa liwu amamveka ngati u. S wakumapeto ambiri amamutchula ngati sh. Kachizindikiro kopindika ka pa "ão" kamatanthauza kuti mawuwo atulukire m'mphuno, ndipo wokanyalanyaza akafuna "pão", buledi, amapezeka akuitanitsa "pau", chomwe ndi chimtengo. Msampha wina ndi wa lilime la Chichewa, lomwe silisiyanitsa l ndi r. "Caro" ndi chodula, "carro" ndi galimoto, "calo" ndi chikanga cha kuphazi. Nthawi zambiri womvera amazindikira yekha chimene chikunenedwa, kuseka kokha ndiye sakuleka.

Pamene pamatayika ndalama ndi pa manambala, ndipo apa m'pofunika kukhalapo nthawi. Kuwerenga kumayamba motere: um, dois, três, quatro, cinco, seis, sete, oito, nove, dez. Ndalama ya dzikolo ndi metical, zikachuluka ndi meticais, ndipo idalowa m'malo mwa escudo pa 16 June 1980. Zapepala zilipo zisanu ndi imodzi, za 20, 50, 100, 200, 500 ndi 1000, zomwe mayina ake ndi vinte, cinquenta, cem, duzentos, quinhentos ndi mil. Woloweza manambala khumi oyamba aja ndi mayina asanu ndi limodzi amenewa akhoza kugula ndi kugulitsa tsiku lomwelo.

Koma manambala ena amafanana m'khutu ngati mapasa. "Dois" ndi 2 pamene "doze" ndi 12. "Três" ndi 3, "treze" ndi 13, "trinta" ndi 30. "Quinze" ndi 15, "cinquenta" ndi 50, "quinhentos" ndi 500. Oopsa kwambiri ndi "sessenta" ndi "setenta", 60 ndi 70, pamodzi ndi akulu awo "seiscentos" ndi "setecentos", 600 ndi 700. Wamalonda amene wamva 600 pomwe mwini katundu wanena 700 pa thumba limodzi, n'kulamula kuti akweze matumba 30, amadzazindikira galimoto itadzaza kale kuti akusowa 3000 meticais, ndipo mkangano wake suchedwa kuitana apolisi. Palinso "cem" ndi "sem", omwe amatchulidwa chimodzimodzi: loyamba ndi 100, lachiwiri ndi popanda, monga "sem açúcar", popanda shuga.

Liwu lina limene siliphunzitsidwa m'mabuku ndi "conto". Mu 2006 boma lidachotsa maziro atatu pa ndalama yake, kotero kuti 1000 meticais yakale idasanduka metical imodzi. Kale 1000 imeneyo inkatchedwa conto, ndipo dzinalo lidatsalira m'kamwa mwa anthu. Kondakitala akati "vinte contos" akutanthauza 20 meticais basi, osati 20,000. Kalembedwe nakonso n'kotembenuza: pamene kuno timaika mpumiro, kumeneko amaika mpatuliro. Lisiti lolembedwa 1.250,50 likunena 1250 meticais ndi 50 centavos.

Kufunsa mtengo ndi "quanto custa?" kapena "quanto é?" Kudandaula kuti wakwera ndi "está caro", ndipo kunenerera ndi "pode baixar?" Chenji ndi "troco". Kaphatikizo kamene wogulitsa amaika pamwamba amakatcha "bacela", ndipo Mmalawi aliyense amva basera mmenemo. Pa malonda aakulu njira yosakhumudwitsa ndi kunena kuti "escreva, por favor", lembani chonde, kapena kupereka foni kuti wogulitsa adinepo yekha nambalayo. Nambala yolembedwa ilibe katchulidwe.

Masiku a pasabata ali ndi msampha umene umagwira odziwa Chichewa okha. Kuno kuwerenga kumayambira pa Lolemba, ndiye tsiku lotsatira ndi Lachiwiri. Apwitikizi amayambira Lamulungu, lomwe ndi "domingo". Choncho "segunda-feira", tsiku lachiwiri, ndi Lolemba. "Terça-feira" ndi Lachiwiri, "quarta-feira" ndi Lachitatu, "quinta-feira" ndi Lachinayi, "sexta-feira" ndi Lachisanu, ndipo Loweruka ndi "sábado". Munthu amene waloweza kuti quatro ndi 4, akauzidwa kuti adzabwere pa quarta, mutu wake umathamangira Lachinayi, n'kufika tsiku litapita. Pa nambala ya tsikulo achotsepo imodzi kuti apeze la Chichewa. Chikwangwani cha pabanki cholembedwa "2ª a 6ª feira" chikunena Lolemba mpaka Lachisanu. Lero ndi "hoje", mawa ndi "amanhã", dzulo ndi "ontem", ndipo "feriado" ndi tsiku la tchuthi pomwe maofesi amakhala otseka.

Pachipata pali maofesi awiri ofunika kuwazindikira. "Migração" ndi oona za anthu olowa ndi otuluka, "Alfândega" ndi a kasitomu. Mmalawi wa ulendo waufupi safunika viza, koma afunika "passaporte" ndi "carimbo", chidindo. Mafunso sasintha kwenikweni. "Para onde vai?" ndi kufunsa kumene akupita, ndipo yankho likhoza kukhala "vou a Tete". "Quantos dias?" ndi masiku angati. "Motivo da viagem?" ndi cholinga cha ulendo, chomwe chingakhale "visita familiar", kukaona abale, "negócios", malonda, kapena "trânsito" kwa wongodutsa. Pa fomu, "apelido" ndi dzina la bambo kapena chiwongo chimene chili m'pasipoti, "nome" ndi dzina loyamba, "data de nascimento" ndi tsiku lobadwa, ndipo "assinatura" ndi posayina. Mwamuna amati "sou malawiano", mkazi "sou malawiana".

Asanachoke pawindo, wapaulendo ayang'ane chidindocho ndi masiku amene amupatsa. "Entrada" ndi kulowa, "saída" ndi kutuluka. Wopyola masikuwo amalipira "multa", chindapusa. Njira za m'mapiri zozemba chipata n'zodziwika kwa aliyense wa m'malire, ndipo abale oyandikana amaziyenda tsiku ndi tsiku, koma wolowa nazo mkati mwa dziko, akakumana ndi funso loti "documentos?" kutali ndi kwawo, palibe Chipwitikizi chimene chingamuwombole.

Woyendetsa galimoto amafunsidwa "carta de condução", laisensi, "livrete", buku la galimoto, ndi "seguro", inshuwalansi. Lamulo limafunanso "triângulos" ndi "colete", chijekete chonyezimira chija. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kuno. Zikwangwani zofunika kuzimva popanda womasulira ndi "perigo", ngozi, "proibido", choletsedwa, "devagar", pang'onopang'ono, "desvio", njira yopatuka, ndi "portagem", polipirira msewu. Polisi ya m'tauni ndi "esquadra".

Liwu loti "refresco" limatanthauza chakumwa choziziritsa kukhosi, koma pamsewu lili ndi tanthauzo lachiwiri, lofanana ndi ya fanta imene ena osakhulupirika amapempha m'misewu ya kuno. Wapaulendo amene wauzidwa kuti walakwa ali ndi ziganizo ziwiri zomuthandiza, ndipo zonse zinenedwe mwaulemu: "qual é o problema, chefe?" kufunsa kuti vuto n'chiyani, ndi "quero recibo, por favor", ndikufuna lisiti. Chindapusa chenicheni chimakhala ndi pepala lake. Nkhani ikakula, asasayine chimene sakuchimva. Anene kuti "não percebo", sindikumva, ndi "preciso de um intérprete", ndikufuna womasulira. Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya kazembe wamng'ono mumzinda wa Tete, ndipo dzina lake pofunsa njira ndi "consulado do Malawi".

Ziganizo zovomereza umbuli n'zamtengo wapatali kuposa momwe ambiri amaganizira. "Não falo português" ndi kunena kuti sindiyankhula Chipwitikizi. "Fale devagar" ndi kupempha kuti ayankhule modekha. "Fala nyanja?" ndi funso lomwe m'chigawo cha Tete limapeza womasulira pamzere womwewo. Amanyazi amene amangogwedeza mutu n'kumati "sim, sim", inde, inde, ndi amene amavomera zinthu zosazidziwa.

Za mayendedwe ndi chakudya sizivuta. Minibasi ndi "chapa", basi yaikulu ndi "machimbombo", njinga yamoto ya matayala atatu ndi "txopela", sitima ya pamtunda ndi "comboio", ndipo pokwerera ndi "paragem". "Onde fica?" ndi kufunsa kumene chinthu chili: "onde fica o mercado?" kwa wofuna msika, "onde fica a casa de banho?" kwa wofuna kodzithandizira. Kumanja ndi "direita", kumanzere ndi "esquerda", pafupi ndi "perto", kutali ndi "longe". Nsima ndi "xima", yotchulidwa shima, ndiwo ndi "caril", mpunga ndi "arroz", nkhuku ndi "frango", nsomba ndi "peixe", nyemba ndi "feijão". Chakudya cha m'mawa amachitcha "mata-bicho", kupha kachilombo, dzina lomwe womva njala ya m'mawa sangalitsutse. Chitenje ndi "capulana", munda ndi "machamba". Pa chitseko, odziwa Chingerezi ndi amene amagwa: "puxe" limamveka ngati lamulo lokankha, pomwe likunena kuti kokani. Kankhani ndi "empurre".

Matenda sasankha mbali ya malire. "Estou doente" ndi ndikudwala, "dói-me aqui" ndi pakundiwawa apa, ndipo chala chimamaliza nkhaniyo. Kutentha thupi ndi "febre", mutu kuwawa ndi "dor de cabeça", m'mimba ndi "dor de barriga", chifuwa ndi "tosse", woyembekezera ndi "grávida". "Constipação" ndi chimfine, osati kudzimbidwa monga momwe wodziwa Chingerezi angaganizire. Chipatala chaching'ono ndi "centro de saúde", kolandirira odwala mwadzidzidzi ndi "banco de socorros", kogula mankhwala ndi "farmácia". Pa kapepala ka mankhwala, "três vezes ao dia" ndi katatu patsiku, "antes" ndi musanadye, "depois" ndi mutadya, ngati mawuwa atsatana ndi "das refeições". Wakumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, anyamule okwanira pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Wofuna thandizo mwachangu amakuwa kuti "socorro!"

Mawu omwewa amagwiranso ntchito munthu asadatuluke m'Malawi, chifukwa Neno wakhala akulandira alendo a mbali inayo kwa zaka zambiri. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya m'Mozambique, yomwe idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, Malawi adasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo ena adakhala pa msasa wa Luwani m'bomali. Msasawo udatsekedwa mu 2007, n'kutsegulidwanso mu 2016 pamene anthu ena othawa zipolowe m'chigawo cha Tete adasamutsidwira kumeneko kuchokera pa Kapise ku Mwanza. Odwala ochokera m'midzi ya m'Mozambique amafikanso m'zipatala za kumtunda kwa Neno, ndipo ngakhale amayankhula Chichewa, zaka zawo, masiku ndi makadi awo a kuchipatala zimabwera m'Chipwitikizi. Namwino wodziwa kuti sexta-feira ndi Lachisanu sangalembe tsiku lolakwika.

Nanga mnyamata wa Chisipanishi uja? Zimene waphunzira sizidapite pachabe, ndipo wophunzira Chipwitikizi cha ku Zóbuè naye wayenda kale gawo lalikulu la ulendo wa ku Madrid. "Por favor" ndi chimodzimodzi m'ziyankhulo zonse ziwiri. "Bom dia" ndi "buenos días", "boa noite" ndi "buenas noches", "quanto custa" ndi "cuánto cuesta", "onde" ndi "dónde", "não" ndi "no", ndipo manambala amasiyana pang'ono pokha: uno, dos, tres, cuatro, cinco. Kuthokoza ndiko kumapatukana, poti Chisipanishi chili ndi "gracias" mmodzi wa amuna ndi akazi omwe. Masiku akenso sawerengedwa ndi manambala: Lolemba ndi "lunes", Lachiwiri ndi "martes", Lachisanu ndi "viernes". Chisipanishi chimatchulidwa pafupifupi monga chalembedwera, ndi mavawelo asanu ngati a Chichewa, n'chifukwa chake oyankhula Chipwitikizi amamva Chisipanishi mosavuta kusiyana ndi momwe a Chisipanishi amamvera Chipwitikizi.

Ubale woterewu uli ndi mbuna zake. "Oficina" m'Chisipanishi ndi ofesi, koma ku Tete ndi galaja ya amakaniko. "Largo" ku Spain ndi chachitali, ku Mozambique ndi chotambalala. Mlendo amene wadya bwino ku Madrid amayamikira wophika kuti chakudya chinali "exquisito", chokoma zedi. Akanena "esquisito" kwa mayi amene wamuphikira xima ndi frango ku Moatize, wawauza kuti chakudya chawo n'chodabwitsa mosakhala bwino. Okonda mpira amene akulota zokaonera World Cup ya 2030 adzafunika kusamala ndi mbuna zonsezi, chifukwa masewero ambiri a mpikisanowo adzachitikira ku Spain, ku Portugal ndi ku Morocco.